Jimu yathu ya ku Zomba: kuondetsa amatha, nanga thupi likayamba kubwerera?

Chalenji yoondetsa thupi ya miyezi itatu ikuyambanso ku jimu komwe ndimapita ndipo anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kodi alowe kapena ndi kungotaya ndalama, nde ndati bola ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la malowa sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule, ndipo Zomba mukuidziwa, munthu amene wamunena lero mawa mukumana naye akusankha tomato mumsika. Omwe amapitako adziwa okha kuti ndi kuti.

Kuondetsa amatha, izo ndisakanire. Ngati muli ndi ukwati kutsogoloku ndipo telala wakuuzani kuti diresi silikutseka, pitani, mutsika ndithu. Ine ndinatsika ma kg opitirira 10 ndipo chaka chadutsa ambiri mwa iwo sanabwerere. Koma jimu sindikuiyeza ndi zimenezo ayi, kuonda kwa miyezi itatu aliyense wolimba mtima atha ngakhale kunyumba kwake. Ine nkhani yanga ili pa zomwe zimachitika chalenji ikatha, zithunzi zija zaikidwa kale pa status, anthu aombera mmanja, iwe watsala wekha ndi njala yako. Pamenepo jimuyi ili ndi zinthu zothandiza zenizeni zomwe eni ake sazilengeza nkomwe, komanso ili ndi zachabechabe zomwe amazilengeza ndi mawu okweza.

Za malo ndinene mwachangu. Ndi holo yakale ya malata yopanda siling'i, mu October mumatentha moti pofika nyimbo yachitatu thukuta likudontha mzigongono, mu June nako kukagwa chiperoni zitsulo zimazizira zoti uganize kawiri usanazigwire. Mbali imodzi ndi ya ma aerobics, mbali inayo kuli zitsulo, mabenchi ong'ambika ndi ma treadmill awiri koma yogwira ndi imodzi, nayonso magetsi akazima imapuma. Mwayi wake spika ndi ya batire nde kalasi siima. Kalasi ya mmawa imayamba 5 koloko, yamadzulo 5:30 anthu akaweruka. Kulipira ndi pa tsiku kapena pa mwezi, Airtel Money, Mpamba, cash, zonse amalandira koma risiti muzichita kukumbutsa. Bafa la azimayi ndi limodzi, madzi ake ozizira, nde amene mukuchokera ku Chinamwali kapena ku Sadzi ndipo mukufuna kuchoka pomwepo kupita ku ntchito konzekerani mzere. Pansi ndi simenti yeniyeni pomwe ma aerobics ake ndi odumphadumpha, amene muli ndi thupi lalikulu musachite manyazi kungoponda osadumpha, ndaona anthu akusiya jimu chifukwa cha bondo osati ulesi.

Makochi alipo awiri ndipo kusiyana kwawo ndi kumene kukupangitsa kuti ndisapereke ma star onse komanso ndisawamane onse. Woyamba ndi mwini wake, timangoti a Coach, bambo amphamvu zawo, mawu ngati ali pa perete ku Cobbe Barracks, kalasi yawo imakoma ndipo sungagone. Chalenji ndi yawo. Wachiwiri ndi mtsikana wofatsa yemwe tonse timangomuti asisi, ngakhale azimayi oti angamubereke, anaphunzira za kadyedwe ku Bunda ndipo amaphunzitsa masiku ochepa pa sabata. Pa poster sapezekapo, koma ine ndikulipirabe mwezi ndi mwezi chifukwa cha iwowo.

Tsiku lotseka chalenji aliyense ali kalikiliki ndi zithunzi, asisi anatiitanira pakona nkunena kuti amayi, sangalalani koma dziwani kuti thupi lanuli silinavomereze, ilo likuona ngati kwagwa njala. Anatifanizira ndi banja lomwe linadutsa mu njala ya 2002, loti ngakhale zaka zitadutsa mayi amayezabe ufa ndi kapu ndipo chimanga chikapezeka amathamangira kudzadza matumba. Thupi loonda nalo limayamba kuwotcha mphamvu moumira kwinaku likukulamula kuti udye kwambiri. Ambiri tinangoseka, koma patapita miyezi ingapo nditaona njala yomwe imandigwira 4 koloko madzulo, njala yoti fungo la chiwaya cha pa depoti limakupeza uli mu ofesi, ndinakafufuza ndekha ndipo ndinapeza kuti mtsikanayu sanapeke.

Ku America kunali pulogalamu ya pa TV yotchedwa The Biggest Loser, ya mpikisano woonda. Akatswiri otsogozedwa ndi Kevin Hall anatsatira anthu 14 omwe anapikisana nawo ndipo zotsatira anazitulutsa mu 2016. Anthuwa anatsika pafupifupi ma kg 58 aliyense tikagawa mofanana, koma patatha zaka 6 ma kg pafupifupi 41 anali atabwerera, ndipo chodabwitsa kwambiri matupi awo amawotchabe ma calorie (muyezo wa mphamvu ya mchakudya) pafupifupi 500 ochepera pa tsiku kusiyana ndi mmene thupi la saizi yawo limayenera kuwotchera. Zaka 6 abale, thupi likusungabe mangawa. Kafukufuku wina wa ku Melbourne ku Australia, wa mu 2011, anatenga anthu 50 nkuwaika pa dayeti yokhwima kwa masabata 10, anatsika ma kg pafupifupi 13, koma patatha chaka hormone ya njala yotchedwa ghrelin yomwe imachokera mmimba inali ikadali yokwera, pomwe leptin yomwe imachokera mmafuta a mthupi nkumauza ubongo kuti nkhokwe ili bwino inali ikadali yotsika. Gulu la Kevin Hall lomwe lija linawerengeranso kuti pa kg iliyonse yomwe munthu wataya, chilakolako cha chakudya chimakwera ndi ma calorie pafupifupi 100 pa tsiku. Nde amene wataya ma kg 10 thupi likumupempha mbale ina yathunthu tsiku lililonse, pamwamba pa zomwe amadya kale.

Ndalemba zimenezi chifukwa a Coach akaona munthu wabwerera ali ndi mimba yake yakale amakonda kunena pagulu kuti mulibe discipline amayi, ndipo ine zimandinyansa. Mayi amene anadzuka 4 koloko kwa miyezi itatu, kukwera kabaza mumdima kuchokera ku Matawale, kubwerera kukakonzekeretsa ana kusukulu, ameneyo ndi wosowa discipline? Munthuyo akulimbana ndi thupi lake lomwe, ndipo malo omwe amatenga ndalama zake amayenera kumuuza zimenezi tsiku loyamba osati kumunyoza tsiku lobwerera.

Chinthu choyamba chomwe chimagwiradi ntchito pa jimuyi ndi sikelo ya Lolemba. Asisi amafika kalasi isanayambe, amaika sikelo pakona pomwe simenti ili yosalala, pamalo omwewo nthawi zonse mpaka anajambulapo ndi choko chifukwa ukaisuntha pang'ono imanama. Ali ndi hardcover yakuda ya mizere yofiira, aliyense ali ndi tsamba lake. Umavula nsapato, umakwera, iwo amayang'ana nambala nkulemba osaitchula mokweza, kenako amakuonetsa ndi chala. Pa tsamba lako pamwamba analemba nambala yomwe unamalizira chalenji, ndipo pambali pake nambala ina yoonjezera ma kg awiri yozunguliridwa ndi bolopeni yofiira. Ukakhala pansi pa yofiirayo sakuyankhula kanthu, amangoti pitani mukavine. Ukaidumpha masabata awiri otsatizana amakukhazika pa benchi nkuyamba mafunso, kodi kunali maliro, kodi munali ku workshop, mukugona maola angati, tiyi mukuthira masupuni angati. Kamodzi pa mwezi amatulutsanso tepi ya telala nkukuyeza mchiuno pa mchombo, ndipo lamulo lake ndi losavuta, mchiuno musapitirire theka la kutalika kwako, nde ngati ndiwe wa masentimita 160 tepi isadutse 80.

Ena amati kudziyeza pafupipafupi kumapatsa stress, ndipo kwa anthu ena nzoona, amene mukudziwa kuti nambala imakusowetsani tulo kapena imakupangitsani kudzimana chakudya muwauze asisi, amangogwiritsa tepi basi. Koma kwa ambirife ma kg awiri kuwabweza ndi nkhani ya masabata ochepa pomwe ma kg 10 ndi chalenji ina yolipira. Vuto lathu timadziwira pa siketi, ndipo pofika poti siketi yakana zinthu zapita kale patali, makamaka ife ovala chitenje chomwe sichikana munthu. Ku America komweko kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry yemwe anayambitsidwa mu 1994 ndi Rena Wing ndi James Hill, amalembamo anthu omwe anataya ma kg osachepera 13 ndi theka nkuwasunga osabwerera kwa chaka kapena kuposa. Mwa anthu amenewo atatu mwa anayi aliwonse amakwera sikelo kamodzi pa sabata kapena kuposa, ambiri amadya chakudya cha mmawa tsiku lililonse, ndipo ambiri amachita masewera pafupifupi ola limodzi pa tsiku, makamaka kuyenda wamba. Palibe zamatsenga mmenemo, ndi zomwezi za mu hardcover ya asisi.

Chachiwiri ndi ulendo wa Loweruka, ndipo uwu ndi waulere kwa aliyense amene walipira mwezi. Timakumana mtauni kusanache bwino nkuyamba kukwera msewu wa ku phiri wopita ku Ku Chawe. Oyamba kumene amabwerera panjira ndipo palibe amawaseka, ozolowera amakafika mpaka ku damu la Mulunguzi, ndipo anyamata ofuna kuonetsa mphamvu amadzera Potato Path yomwe ine ndimangoiyang'ana nkuilemekeza. Msewu umenewu umakuuza zoona za mapapo ako pa kona yachiwiri pomwe. Mukamakwera mumakumana ndi azimayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, anyamata akutsetsereka ndi njinga zodzadza nkhuni mabuleki ake ndi nsapato, inu muli ndi ma tracksuit ndi mabotolo a madzi, nde mumangopereka moni mwaulemu nkupatuka. Pamwamba pali ana ogulitsa ma strawberry ndi zipatso zina za mphiri mtimabasiketi, ndipo asisi amati gulani izi mudye pompano kuti mukatsika musakagwere mchiwaya. Chifukwa nzoona, ndaona ndi maso anga gulu lonse likutsika phiri nkukathera pa chips ndi kanyenya ndi softi, aliyense akuti lero ndagwira ntchito. Ola lathunthu loyenda mwachangu limawotcha ma calorie mwina 300, pomwe mbale imodzi ya chips za pa chiwaya imaposa pamenepo mosavuta.

Nde musamayende kuti mulipire zomwe mwadya, masamu ake sagwirizana. Kuyendako phindu lake limaonekera pa kusunga. Ngakhale mwa anthu a The Biggest Loser aja, omwe anasunga bwino matupi awo ndi omwe anapitiriza masewera kwambiri. A WHO, bungwe la za umoyo pa dziko lonse, amati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo amene anaondapo akufunika kukhala chakumtunda kwa nambalayo. Loweruka limodzi la kuphiri limakupatsa kale gawo lalikulu, kwinako ndi kutsika kabaza patali pang'ono ndi ofesi. Komanso gululi limakoka, ukajomba kawiri wina amakuimbira kuti mayi mwasowatu, kuli bwanji. Chodandaula changa ndi choti mvula ikayamba mu December ulendowu umangofa wokha mpaka March, palibe chomwe amakonza cholowa mmalo, ndipo imeneyo ndi nthawi ya Khrisimasi, chimanga chachiwisi ndi maungu, nthawi yomwe munthu akufunika gulu kuposa kale.

Zitsulo ndinene pang'ono. Azimayi ambiri timaziopa kuti tikhala ndi mapewa a chimuna, zomwe sizichitika ndi tizitsulo ta Lachiwiri ndi Lachinayi. Munthu ukamaonda sutaya mafuta okha, minofu nayo imapita, ndipo zitsulo ndi zomwe zimathandiza kuti itsale. A Coach apa ndiwayamikire, amadziwa kuphunzitsa kanyamulidwe koyenera ndipo sakulola kupinda msana. Kungoti madzulo mbali imeneyi imadzadza ndi anyamata a ku Chanco, abwinobwino ndithu koma benchi sachoka msanga, nde azimayi bwerani mmawa.

Tsopano zoipa, ndipo ndiyambe ndi pepala la zakudya lomwe amakupatsa ukalipira chalenji. Mmawa oats ndi ma almond, masana chifuwa cha nkhuku ndi broccoli, madzulo brown rice kapena saladi, nsima ayi, mbatata ayi, nthochi ayi. Pepalali likuoneka kuti anangolitsitsa pa intaneti nkuikapo logo. Miyezi itatu munthu umapirira, umagula zodulazo, umaphika miphika iwiri, wako ndi wa banja, bambo akunyumba akukuyang'ana mokayika. Koma ndani angadye chonchi zaka zisanu pa malipiro a boma, ndi mmene zinthu zakwerera chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023? Chalenji ikatha aliyense amabwerera ku nsima, ndipo poti palibe anamuphunzitsa kudya nsima mwa muyezo amabwerera ku mitanda itatu ya kale ija ali ndi njala yoposa kale. Chomvetsa chisoni nchoti tili mu Zomba, msika wake wodzadza ndi bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, therere, nyemba, nandolo, matemba a ku Chilwa, usipa, mapeyala, zonse zotsika mtengo kuposa ma almond, koma pepala lonse silitchulapo ngakhale chimodzi.

Asisi pepalali salitsutsa pagulu, ndi la abwana awo, koma ukakhala nawo pa benchi amakuuza zina. Amati idyani zomwe banja likudya, mphika umodzi, kungoti mbale yanu theka likhale masamba, mtanda umodzi wa mgaiwa kapena iwiri yaing'ono, kwinako nyemba, nsomba, mazira kapena nyama. Amakumbutsa za magulu 6 a zakudya omwe timawamva ku sikelo ya ana nkumaganiza kuti ndi za ana okha. Ndipo amalimbikira pa zinthu ziwiri zomwe sitiziwerengera. Choyamba mafuta ophikira, supuni yaikulu imodzi ili ndi ma calorie pafupifupi 120, ife timathira kuchokera mbotolo mpaka tomato asambire, nde amati ikani supuni pafupi ndi botolo ndipo mtsikana wa ntchito mumuuze chifukwa chake. Chachiwiri shuga wakumwa. A WHO amati shuga woonjezera asapitirire masupuni a tiyi pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo bola atakhala 6. Botolo limodzi la softi la 300ml lili ndi masupuni pafupifupi 8, nde onjezani tiyi wa mmawa wa masupuni atatu, wa 10 koloko ku ofesi, Sobo wa ana yemwe mumamwako, thobwa la kwa aneba lothira shuga. Uphungu umenewu ndi umene ukanayenera kukhala pa pepala lija, koma umaupeza pokhapokha ukadumpha mzere wofiira kapena ukafunsa wekha.

Chomwe chimandikwiyitsa zenizeni ndi tiyi wa pa kauntala. Ukangolowa pakhomo pali shelefu ya timapaketi tobiriwira tojambulidwa mkazi wa mchiuno mwa mavu, pambali pake malamba omanga pamimba, ndipo a Coach akamatseka kalasi saiwala kunena kuti amene mukufuna zotsatira zachangu tiyi alipo. Ndinatenga paketi imodzi nkuitembenuza, kumbuyo mtimalemba ting'onoting'ono palembedwa senna. Senna ndi mankhwala otsegula mmimba, omwe amapatsidwa kwa munthu wodzimbidwa. Ukamwa usiku mmawa umathamanga, ukakwera sikelo watsikadi, koma chomwe chatuluka ndi madzi ndi zammimba, mafuta ali pomwepo, ndipo kumwa kwa nthawi yaitali kumasokoneza mchere wa mthupi komanso matumbo amazolowera. Amene amagula kwambiri tiyiyu ndi omwe thupi layamba kubwerera ndipo agwidwa mantha, Lamlungu usiku amamwa kuti Lolemba hardcover iwakomere. Asisi amadziwa, ndinawamva akufunsa mayi wina mwakachetechete kuti amayi mwatsika ma kg awiri sabata imodzi koma milomo yauma chonchi, mwamwa chani? Lamba uja naye amangotulutsa thukuta pamimba, ukamwa madzi zabwerera. Malo omwe ali ndi munthu wophunzira za kadyedwe sayenera kugulitsa zinthu zimenezi, basi.

Mu gulu lathu la WhatsApp mwayambanso kumveka za majakisoni oondetsa ngati Ozempic, wina akuti ali ndi amene angabweretse kuchokera ku Johannesburg. Jimu sigulitsa zimenezo, ndisawanamizire, koma sinaletsenso nkhaniyo mgulu lake. Mankhwalawo ndi enieni ndipo amagwira ntchito kwa omwe adokotala awalembera, koma pa nkhani yathu ino ya kubwerera nawonso sathawa, kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti anthu omwe anasiya semaglutide, mankhwala omwe ali mu Ozempic, patatha chaka anali atabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a thupi lomwe anataya. Gulu la WhatsApp lomwelo ndi nkhani ina, nthawi ya chalenji limakhala la moto, aliyense kutumiza chithunzi cha mbale yake, chalenji ikatha limasanduka msika wa ma handbag ndi mauthenga oti tumizani kwa anthu 10.

Ndikaziphatikiza ndimaona kuti bizinesi yawo yakhazikika pa chalenji. Ndi yomwe ili pa poster, ndi yomwe ili ndi mphoto, ndi yodula kuposa kulipira mwezi wamba, ndipo amene wabwerera kudzaichitanso amamuchotserako mtengo. Sindikunena kuti amafuna dala kuti tinenepenso, a Coach ndi munthu wabwino mtima ndipo amakondwa moona munthu akatsika. Koma palibe mphoto ya amene wakhala pa nambala yomweyo chaka chathunthu, palibe chithunzi chake pakhoma. Pakhoma pali zithunzi za tsiku lomaliza chalenji, ndipo ena mwa anthu ali pamenepo ndimakumana nawo mtauni, thupi linabwerera ndi chiongola dzanja, amandizemba chifukwa cha manyazi pomwe chithunzi chawo chikukopabe makasitomala atsopano.

China chomwe akuyenera kukonza msanga ndi mafunso a tsiku loyamba. Umangolemba dzina, nambala ya foni, kulipira, kenako kukadumpha. Palibe kuyeza BP, palibe kufunsa za shuga kapena mankhwala omwe ukumwa. Chonsecho kafukufuku wa dziko lino wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu aliwonse ali ndi thupi lopitirira muyezo, mtauni nkuposa pamenepo, ndipo ambiri obwera ku jimu ndi a zaka zomwe BP imayamba kuvuta. Palinso mankhwala omwe kwa anthu ena amaonjezera thupi, monga jakisoni wolera wa Depo komanso ma ARV okhala ndi dolutegravir omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. Munthu wotero akamavutika kusunga thupi sikuti akuba chakudya usiku, ndipo yankho si kusiya mankhwala ayi, chonde musayerekeze, ndi kukakambirana ndi achipatala. Nde musanalipire kulikonse pitani kaye mukayezetse BP ndi shuga, musadikire kuti jimu ikufunseni.

Pali mbali ina yomwe jimu iliyonse singaithe koma ndinayembekezera kuti aziikambako, ya anthu otizungulira. Kuno ukaonda anthu sakuyamikira onse. Apongozi anga atandiona anandikokera kuchipinda nkundifunsa motsitsa mawu kuti mwana wanga, mwatha chonchi bwanji, kunyumba kuli mtendere, mwakayezetsa? Ku tchalitchi amayi a chigwirizano amakuyang'ana mwachisoni, ku ofesi wina amati koma kale mumaoneka bwino. Kwathu kuno thupi ndi umboni woti ukusamalidwa, ndipo tinadutsa mzaka zomwe kuonda kumatanthauza matenda, nde mafunsowo sachokera pa nkhanza. Koma amafooketsa, ndipo amabwera limodzi ndi mbale. Kumaliro sungakane nsima, ku chinkhoswe ndi ku bridal shower mpunga ndi nkhuku ndi softi zili kale pampando, ku workshop ya ku Liwonde kapena ku Mangochi kuli tiyi wa 10 koloko ndi masamusa, bufe masana, tiyi winanso 3 koloko, masiku asanu osayenda ngakhale pang'ono. Asisi njira yawo ndi yoti osakana, landirani ndi manja awiri, idyani mtanda umodzi ndi ndiwo zambiri, mukatero nenani kuti amayi ndakhuta zikomo kwambiri, zotsalazi ndinyamulire ana. Kwa apongozi anga zimagwira, amasangalala kuti adzukulu adya. Koma izinso anandiuza pa benchi, mkalasi simunakambidwepo.

Ma star ndikupereka atatu mwa asanu. Amene simunayambe mwachitapo masewera ndipo mukufuna poyambira, malowa ndi abwino, anthu ake ndi ochezeka ndipo palibe amayang'ana zovala zanu, za kaunjika zomwezo zili bho. Amene munaondapo kale ndipo thupi layamba kubwerera, chalenji yachiwiri musalowe, lipirani mwezi wamba, funsani masiku omwe asisi amabwera ndipo muwapemphe akutsegulireni tsamba mu hardcover ngakhale simunachite chalenji yawo, amavomera. Lipirani mwezi umodzi umodzi osati itatu pakamodzi chifukwa ndalama sabweza ukadwala kapena ukasamutsidwa. Tengani thaulo lanu ndi madzi anu, a pamalopo amagulitsa modula, ndipo pa shelefu ya pakhomo ija muzingodutsa. Loweruka nyamulani kajuzi ngakhale kutauni kukutentha, ndi ndalama zosinthasintha za ma strawberry chifukwa ana aja sakhala ndi chenji.